Kilatchi ya Wotuwa

Zaamar, 6 Novembala 2002

Khandaa wanga,

Uthenga unandipeza Lolemba ndili chagada pansi pa lole ya eni, ndikumanga paipi ya utsi. Ndinangoona nsapato za mayi wa ku positi zitaima pafupi ndi mutu wanga. Anati, "A Dashnyam, tatulukani kaye musambe m'manja." Munthu akakuuza kuti usambe usanalandire kapepala, umadziwiratu. Mawu a achimwene a Tsogoo anali ochepa: Bambo atisiya Lamlungu, bwera.

Undikhululukire, ndayamba kalata popanda moni. Uli bwanji iwe ndi mwana wathu Yanjin? Amayi akudya? Ine thupi lili bwino.

Ukudabwa kuti bwanji sindinafike. Ndinanyamuka, Khandaa. Ndinathira petulo mu Wotuwa, jipi ya bambo ija, ndinaponya jekete ndi buledi kumbuyo, n'kuliza injini. Nditaponda kilatchi kuti ndilowetse giya, chopondera chinangomira ngati ndaponda m'thope, osabwereranso. A Luvsan, eni galaja, anaima pageti n'kunena kuti, "Iyi siyopita ku Telmen, mphunzitsi. Ngakhale kuchimbudzi siyingakufikitse." Sindinawamvere. Ndinazimitsa, ndinalowetsa giya yoyamba, n'kuiliza ili m'giya momwemo. Inadumpha ngati thole n'kuyamba kuyenda, ndipo magiya enawo ndinkasintha pomvera kulira kwa injini. Ndinafika pa mlatho wa Tuul. Pamenepo nkhosa za munthu zinadzaza msewu, ndinaima, injini inazima. Ndinaliza, ndinalizanso, mpaka batire inatha. Amene anabwera kudzandikoka ndi a Luvsan omwewo.

Galimoto yopita kumadzulo kulibe mpaka Loweruka, ndipo a lama, ansembe a kukachisi, sangadikire munthu amene ali kutali chonchi. Pamene ukuwerenga izi, bambo mwawaperekeza kale. Undilembere malo amene mwawagoneka, ndi kumene mphepo inkachokera tsikulo. Ndikufuna ndiziona m'maganizo.

Ndikanakwera lole ya ufa ya Byambaa, amene akupatsa kalatayi. Koma ndikafika ndi chiyani, maliro atatha, jipi imene bambo anandibwereka kuti ndizipezera ndalama nditaisiya yakufa m'dera la eni? Ndikonza kaye, ndibwera nayo.

Byambaa akupatsa matugiriki 40,000. Ugule makandulo, machesi ndi tiyi wa anthu odzapepesa, ndi masiwiti ogawira ana. Agalu uziwapatsa chakudya m'dzina la bambo. Malasha usagule pano, ndowe zouma zija zikufikitsani kumapeto a mwezi.

Amayi uwauze kuti ndinanyamuka. Za pa mlatho usawauze.

Dashnyam wako

Zaamar, 19 Novembala

Khandaa,

Moni kuchokera kuno kozizira. Ndikhulupirira chifuwa cha Yanjin chatsika, ndipo nkhosa zatsala zija zikupeza udzu pansi pa chipale. Ine ndilipo.

Kalata yako ndaiwerenga kangapo. Ukuti a lama atatsegula buku kuti aone chimene mtima wa bambo watsalira, anapeza chinthu chotuwa, cha miyendo inayi, chosadya udzu, chimene chinapita kum'mawa. Ukuti amayi sanalire, anangoti, "Ndimadziwa." Ndiye chiyenera kuima pakhomo pa ger yawo, nyumba yachihema ija, lisanafike tsiku la 49, pa 22 Disembala, kuti amayi achiwaze mkaka ndipo a lama achimasule, bambo apite ulendo wawo osacheuka. Ndamva. Uwauze amayi kuti ndamva.

Ndawerenga mabuku ambiri zaka zimene ndinkasunga laibulale ya sukulu, ena otsutsa zonsezi. Pano sindikufunsa ngati n'zoona. Amayi akuzikhulupirira, ndipo bambo ankazikhulupirira. Basi.

Za matenda a Wotuwa. Chopondera chikamira chonchija, poyamba umakayikira mafuta. Kilatchi ya jipi izi imakankhidwa ndi mafuta a mabuleki, kuchokera m'kabotolo kapamwamba kupita ku silinda yaing'ono ili m'mbali mwa giyabokosi. Kabotolo tinakapeza kouma, ndipo silinda yapansi inali yonyowa. Labala yake inauma ndi kuzizira n'kung'aluka. Mtima wanga unakhala pansi, chifukwa labala ndi ya matugiriki 1,500 okha. Tinaika yatsopano, tinathira mafuta, n'kuyamba kutulutsa mpweya, ine pampando, a Luvsan pansi.

"Ponda. Ponda. Gwira pomwepo. Ndati gwira, mphunzitsi, si piyano iyi."

"Ndagwira, achimwene."

"Mwendo wakowo ukunjenjemera ngati wa mkwati. Wadya?"

Chopondera chinalimba bwinobwino. Ndinaliza injini, ndinaponda, ndinakoka giya. Inakukuta mano, osalowa, ndipo pansi panamveka kulira kosongoka ngati kwa mwana wagalu. A Luvsan anatuluka pansipo, anapukuta manja nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Labala ija inali chimfine chabe. Matenda enieni ali m'mimba."

Ndiye kuti titsitse giyabokosi. Dzenje logwiriramo ntchito ndi limodzi, ndipo magalimoto a okumba golide, amene amalipira, ndiwo amayamba. Ine ndilowamo akachoka.

Ng'ombe yakuda ija musaigulitse kwa munthu wa ku Tosontsengel pa mtengo umene watchula. Mudikire. Nsapato za Yanjin uikemo ubweya, zatsopano ndibwera nazo.

Dashnyam

Zaamar, 28 Novembala

Khandaa wanga,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Amayi akugona usiku? Ine ndili bwino, kungoti zala zikuvuta kugwira cholembera, usadabwe ndi zilembozi.

Tatsitsa giyabokosi. Ndi yolemera ngati ng'ombe yophedwa, chifukwa imatsika pamodzi ndi bokosi limene limagawira mphamvu ku matayala akutsogolo. Tinaichirikiza ndi jeke ndi matabwa, ndipo mabawuti ena tinachita kuwawotcha kuti amasuke. Chitsulo m'nyengo ino chimamata pakhungu.

M'kati tinapeza zonse zitatha. Bering'i imene imakankha kilatchi inauma n'kuleka kuzungulira, ndiye inadya tizala titatu ta chitsulo timene imakankhato mpaka tinatsala ngati mano a nkhalamba. Puleti inaperepeseka kufika pa misomali. Fulayiwilo, chitsulo chachikulu chozungulira chimene puleti imagwirapo, yasanduka yabuluu ndi kutentha, ndipo ili ndi ming'alu yaing'onoing'ono ngati dothi la chilimwe.

A Luvsan anandiyang'ana. "Iwe umayendetsa phazi lili pa kilatchi?"

"Ayi, achimwene."

"Usaname, galimoto sinama."

Anakwera pampando, anawerama, n'kusenda labala ya chopondera. Inali itabooka mbali imodzi, chitsulo chikuwala. Anaitembenuza m'manja, kenako anaseka pang'ono. "Si iwe. Izi si za miyezi isanu ndi iwiri. Mwini wake anali wa pahatchi, eti?"

Khandaa, ndinakhala pansi pa tayala. Ukukumbukira mmene bambo ankakhalira pa chiwongolero? Msana uli njo, zigongono m'mbali, mapazi onse awiri atapondera kutsogolo. Anakwera hatchi asanadziwe kuyenda, ndipo galimoto anaiphunzira ali ndi imvi. Munthu wa pahatchi sachotsa phazi m'chopondera cha chishalo, amati ukatero wagwa. Ndiye zaka zonsezi phazi lamanzere linkatsamira pa kilatchi, pang'ono pokha, ndipo m'katimo zitsulo zinkapsa mwakachetechete. Pokwera phiri la Solongot ankawerama n'kuiuza kuti "Chuu, chuu," ngati ili ndi makutu. Tinkaseka ine ndi iwe kumbuyo, iwo n'kumati, "Sekani, koma yakwera."

A Luvsan akuti aona ambiri otere. "Amalume anga anathetsa makilatchi anayi. Tinkawauza, iwo n'kumati galimoto yopanda poika phazi ndi ya akazi." Kenako anandipatsa fodya, ngakhale akudziwa kuti sindisuta, n'kutuluka panja kuti ndikhale ndekha.

Pakufunika puleti, chivundikiro chake, bering'i ndi fulayiwilo. Zitatu zoyambazo ndatuma dalaivala wina kuti akagule mumzinda, ndi 55,000. Fulayiwilo yatsopano sindingaithe, ndikufunafuna yakale.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Ufa ukatha ukatenge kwa mlongo wako, ndidzabweza.

Dashnyam

Zaamar, 9 Disembala

Khandaa,

Moni. Ndamva kwa Byambaa kuti chipale chagwa chambiri kumeneko ndipo ana ankhosa awiri afa. Pepa. Iwe ndi Yanjin muli bwanji? Ine ndikudzuka.

Katundu anabwera Lachinayi. Chivundikiro ndi bering'i zili bwino. Puleti si yake. Kunja imaoneka chimodzimodzi, koma bowo lapakati, polowa shafiti ya giyabokosi, ndi laling'ono. Jipi izi zilipo za mitundu iwiri, ndipo ya bambo ndi ya shafiti yonenepa, yakale. Dalaivala uja sanatenge puleti yakutha kuti akayerekeze, akuti inkamudetsera mpando. A Luvsan anamutukwana mpaka agogo ake, iye n'kumangoti, "Wogulitsa anati zonse n'zimodzi." Yabwerera mumzinda. Adzabwera nayo ina akadzabwera.

Kalata ya achimwene a Tsogoo ndailandira. Akuti ndikanaisamala jipi, bwenzi zonsezi kulibe, ndipo bambo analakwitsa kubwereka munthu wa mabuku chinthu cha chitsulo. Usawayankhe, ndipo za phazi la bambo zija usawauze. Akhale ndi wina womukwiyira, zimathandiza. Iwo ndi amene ananyamula bambo, ine kunalibe.

Akufunsanso kuti bwanji osaikweza pa lole. Ndinafunsa kale. Wa lole akufuna 300,000, ndalama imene sindinaigwirepo pamodzi chibwerere kuno. Ndiponso iwe wandilembera mawu a amayi, akuti hatchi ya mwamuna imabwera pakhomo ndi miyendo yake, yonyamulidwa ndi nyama. Sindikudziwa ngati a lama ananena zimenezo kapena ndi amayi okha. Kwa ine n'chimodzimodzi.

Mabuku anga aja ndinabwera nawo m'katoni ndawapereka kwa mayi wina wogulitsa zakudya. Anandipatsa 12,000 ndi chakudya cha mlungu umodzi. Akuti mapepala ake ndi abwino kukulungira. Usadandaule, ambiri ndinawaloweza.

Apolisi anabwera kudzathamangitsa okumba golide kuchigwa chakumtunda. Amene ankabweretsa magalimoto kuno theka athawa. A Luvsan dzulo ndinawaona akuwerenga migolo ya oyilo kawiri. Dzenje tsopano ndi langa tsiku lonse.

Umandifunsa za dzanja. Ndi zala ziwiri zokha zakumanzere, zinapsa ndi chisanu. Ndikuzipaka mafuta a nkhosa.

Yanjin umuuze kuti chithunzi cha hatchi chija ndachimata pamwamba pa bedi langa. Bwanji waijambula ndi matayala?

Dashnyam wako

Zaamar, 17 Disembala

Khandaa wanga,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli moyo. Ine ndilipo. Ndilemba mwachidule, Byambaa injini yake ikulira panja.

Fulayiwilo ndaipeza. Kuseri kwa phiri kuli jipi imene inagubuduzika chaka chatha, eni ake anaisiya. Tinapita ndi a Luvsan, tinakumba chipale, tinagona pansi pake kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mbale wa mwini wake anafuna 20,000 ndi botolo la mowa. A Luvsan anamuuza kuti, "Chitsulo chimene chakhala chikukodzeredwa ndi ankhandwe chaka chonse, 20,000? Tenga botolo ndi jekete la mphunzitsiyu." Ndiye jekete lachikopa lija unandigulira lapita. Ndili ndi lina la ntchito, ndi lofunda mokwanira.

Taimanga kale. Ilibe mng'alu, ndinaigogoda ndi sipanala ndipo inalira bwino ngati belu la kukachisi. Chivundikiro ndi bering'i zili pa tebulo, ndazikulunga m'nsalu. Chatsala ndi puleti yokha. Dalaivala uja sanabwere. Ena akuti galimoto yake inafera panjira, ena akuti ali pa ukwati wa mphwake.

Ndawerengera. Ikafika mawa, timanga usiku wonse, ndinyamuka Lachinayi, ndipo ngati pa Solongot pali potseguka ndifika Loweruka. Ikafika Lachinayi, mwina. Kupitirira apo sindikuwerengera.

M'mawa uliwonse ndimapita kumsewu kukayang'ana. Mayi wa ku positi akandiona amalowa m'nyumba.

Amayi uwauze kuti Wotuwa watsala pang'ono kuchira. Mkaka wowaza usunge wa ng'ombe yofiira, ndi imene bambo ankaikonda. Ngati pofika Loweruka madzulo simunaone magetsi kuchokera kum'mawa, upite wekha kwa a lama, osati achimwene, ukafunse ngati pali njira ina. Iwe umadziwa kufunsa.

Dokotala wa pano waona zala zija. Wanena zake. Ndidzakuuza pamaso.

Dashnyam

Zaamar, 23 Disembala

Khandaa,

Muli bwanji kumeneko lero, tsiku litadutsa? Amayi ali bwanji? Ine ndili moyo.

Puleti inafika Loweruka madzulo. Dalaivala anaiponya pa tebulo n'kunena kuti, "Nayi, ya shafiti yonenepa, musandivutitsenso." Ine ndinati ndikagone, n'zopandanso ntchito. A Luvsan anati, "Dzuka, mphunzitsi. Wodwala sasiyidwa mimba ili yotsegula chifukwa choti alendo apita."

Tinayamba Lamlungu kusanache. Puleti imafunika ikhale pakati penipeni, apo ayi shafiti silowa, ndiye tinaiwongola ndi shafiti yakale tisanamange chivundikiro. Mabawuti tinkamanga pang'onopang'ono, uku ndi uku, kuti chisapendeke. Giyabokosi inakana kulowa kawiri. Kachitatu a Luvsan anaigwedeza, anaitukwana mayi ake, ndipo inalowa yokha ngati inkangofuna kupemphedwa. Ntchito yambiri anagwira ndi iwo, dzanja langa silikugwira sipanala. Tinatulutsanso mpweya, tinasiya kampata pa chopondera kuti bering'i isamakhudze pamene phazi palibe.

Dzuwa litapendeka ndinaliza injini. Ndinaponda, ndinakoka giya, inalowa osamveka n'komwe. Sinayendepo bwino chonchi chiyambire pamene ndinaidziwa.

Nthawi imeneyo n'kuti inu mukuyatsa nyali zomaliza. Ndinagula chibuma cha mkaka wouma ndi chisanu, ndinachisungunula m'poto, n'kuyendetsa Wotuwa kukwera kaphiri ka kuseri kwa galaja. Ndinaiimika moyang'ana kumadzulo. Ndinawaza mkaka pa matayala onse anayi ndi pa chopondera, monga amayi amawazira munthu wa ulendo. Mawu a a lama sindiwadziwa. Ndinangoti, "Bambo, hatchi yanu yachira, ili pano, palibe chovuta. Pitani." Mkaka unauma pa tayala ndisanamalize kulankhula.

Sindikudziwa ngati zimenezi zimawerengedwa. M'mabuku onse aja munalibe za munthu amene wachedwa ndi masiku atatu.

A Luvsan anandidikira pansi pa kaphiri, chipewa chili m'manja. Pobwerera anati, "Koma ikukoka bwino." Ndinati, "Ikukoka, achimwene."

Ndilembere zonse mmene zinayendera, usandibisire. Ndikhoza kunyamuka tsiku lililonse tsopano, petulo wa theka la njira ndili naye. Ndikudikira mawu a amayi.

Dashnyam

Zaamar, 14 Januwale 2003

Khandaa wanga,

Moni wa chaka chatsopano kwa iwe, kwa Yanjin ndi kwa amayi. Ndamva kuti ng'ombe yofiira yagona osadzukanso. Chikopa musataye. Ine ndatuluka m'chipatala Lachisanu, anachotsa chala chimodzi chokha, chinacho akuti chikhala.

Zikomo kuti sunandibisire. Ukuti amayi anaima panja kuyambira masana, mtsuko wa mkaka uli m'manja, mpaka achimwene anachita kuwalowetsa. Ukuti a lama anawerenga zimene akanatha kuwerenga popanda chinthucho, ndipo pomaliza anati tsopano chisabwerenso, chifukwa ngati mtima wa bambo ukadali pamenepo, chikabwera chidzawabweza pakhomo, ndipo sadzapezanso njira. Chiperekedwe kwa munthu amene si wa magazi athu, popanda kulandira ndalama, ndipo chisayang'anenso kumadzulo.

Za mkaka wa pakaphiri ukuti unawauza amayi, ndipo anafunsa ngati unali wa ng'ombe kapena wa m'sitolo. Uwauze kuti unali wa ng'ombe.

Ndinawerenga kalata yako kwa a Luvsan. Anati, "Ndiye tavutikira mlendo?" Ndinawapempha kuti jipi aitenge iwo. Anakana, akuti galaja akutseka mwezi wamawa, akupita kwa mwana wawo ku Darkhan, ndipo sangadye thukuta la maliro. Anandipezera bambo wina wa ku Khentii, wa ana asanu, amene amagulitsa madzi kwa okumba ndipo akubwerera kwawo kum'mawa. Anabwera dzulo ndi mkazi wake. Sankakhulupirira, ankangozungulira jipi n'kumafunsa kuti, "Yabedwa kapena?" Mkaziyo anandipatsa thumba la chambiko chouma. Ndinalandira, chakudya si ndalama. Ndikutumizira Yanjin.

Sindibwera pa chikondwerero cha Mwezi Woyera. Ndalama ya ulendo ndi imene ndakuikira muno, 25,000, ugule ufa ndi malasha. Kwa mlongo wako ndibweza ndikapeza ntchito ina. Akuti kumgodi wa malasha kumwera akufuna mlonda wodziwa kulemba. Nsapato za Yanjin zidikire kaye.

Amayi uwagwire m'zigongono m'malo mwanga pa tsiku la moni wa chikondwererocho, monga timalonjerera akulu, uwauze kuti zimene a lama ananena zachitika. Ngati sakufuna kumva dzina langa pano, usawakakamize.

Chipale chinagwa usiku wa dzana, jipi isanachoke. Pabwalo la galaja ponse payera, kupatula pamene Wotuwa ankaima. Pamenepo patsala dothi louma la msinkhu wake, ndi dontho limodzi la oyilo pakati.

Dashnyam wako